Kodi alimi a ku Kasungu angapindule ndi nsalu ndi zodzola za bayotekinoloje?

Funso: Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi ku Chamama m'boma la Kasungu. Ambiri mwa ife tinakulira pa fodya, koma mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma siikutilimbitsanso mtima, ndipo tikufuna mbewu ina yodalirika. Mwana wa membala wathu wina anationetsa pa foni kanema wa anthu akunja amene akupanga chikopa kuchokera ku bowa, ulusi kuchokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso, komanso mafuta odzola kuchokera ku nzimbe, ndipo akuti luso limeneli ndi bayotekinoloje. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, ife tingalowemo bwanji, ndipo tiyambe kudzala chiyani?

Yankho: Zikomo mayi mlembi chifukwa cha funso lanu. Zimene munaona m'kanemayo n'zoona, ndipo zina mwa izo zakhala pamsika kwa zaka zoposa khumi. Koma ndisakubisireni kuti zambiri mwa zinthu zimenezo sizimera m'munda. Zimapangidwa m'matanki akuluakulu achitsulo a m'fakitale, ndipo ndalama yaikulu imatsalira kwa mwini matankiwo ndi kwa mwini kachilombo kamene kakugwira ntchito m'katimo, pamene mlimi amangogulitsa shuga kapena chimanga chodyetsera kachilomboko, pa mtengo womwe ogula ena onse amagulira. Mpata wa gulu ngati lanu ulipo, koma uli pamalo ena, osati pamene kanemayo anakulozerani.

Ntchitoyi imafanana ndi kufulula mowa wa masese. Mayi wofulula amapereka chakudya kwa yisiti, yisitiyo amadya shuga wa m'phala n'kutulutsa ukali wa mowa. Asayansi amachita zomwezo, kungoti amayamba asintha malangizo a chibadwa a yisiti kapena a bakiteriya, amene amalembedwa mu DNA, kuti kachilomboko kakadya shuga katulutse chinthu china chimene iwo akufuna, kaya mafuta, utoto kapena puloteni yopotera ulusi. Kusiyana kwake kwagona pa ukhondo ndi pa magetsi. Thanki ya m'fakitale imayenera kuphedwa tizilombo tonse ndi nthunzi isanathiridwe kanthu, imafuna mpweya wosefedwa, kutentha kosasinthasintha, ndi makina otakasa usana ndi usiku kwa masiku angapo. Magetsi akathima kwa maola ochepa, kapena kachilombo kachilendo kakalowamo, zonse za m'thankimo zimatayidwa. Pambuyo pake pamakhala ntchito yolekanitsa chinthu chofunikacho ndi madzi ndi zinyalala, ndipo kawirikawiri ntchito imeneyi ndi imene imadya ndalama zambiri.

Mafuta a nzimbe amene munawaona ayenera kuti ndi squalane, mafuta opepuka osanata amene amaikidwa m'zodzola zodula. Kale ankatengedwa m'chiwindi cha nsomba za shaki za m'nyanja zakuya, ndipo ena ankachokera ku zotsalira za mafuta a olivi. Kampani ya ku California yotchedwa Amyris inasintha yisiti kuti azipanga mankhwala otchedwa farnesene kuchokera ku madzi a nzimbe za ku Brazil, ndipo kuchokera pamenepo n'kupanga squalane. Chitsanzo china ndi hyaluronic acid, amene amathandiza khungu kusunga chinyezi: poyamba ankamuchotsa m'lipombo lofiira la pamutu pa tambala, koma masiku ano wambiri amapangidwa ndi mabakiteriya m'matanki, makamaka ku China. Pa zodzoladzola luso limeneli lakhazikika ndithu, chifukwa botolo limodzi limafuna madontho ochepa chabe a mankhwalawa ndipo wogula amalipira ndalama zambiri.

Pa zovala nkhani ndi ina. Nsalu imagulidwa pa matani, ndipo mdani wake ndi poliyesitala, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, amene ndi wotsika mtengo kwambiri moti ulusi woposa theka wa ulusi wonse wopangidwa padziko lapansi ndi wa mtundu umenewu. Kampani ya ku Japan ya Spiber inayamba ndi maloto opanga ulusi wonga wa kangaude pogwiritsa ntchito tizilombo, ndipo mu 2019 inatulutsa jekete lotchedwa Moon Parka, koma linali la anthu owerengeka ndiponso la mtengo wosayandikika. Chikopa cha bowa chimapangidwa ndi timizu toyera tija timene timayanga m'zinyalala bowa asanatuluke. Amatimeretsa pa utuchi mpaka titalukana n'kukhala chinsalu chochindikala, kenako amachiumitsa, kuchifewetsa ndi kuchipaka utoto. Kampani ya zikwama zodula ya Hermès inaonetsa chikwama cha chikopa chotere mu 2021 mogwirizana ndi kampani ya MycoWorks. Koma mu 2023 kampani ya Bolt Threads inaimitsa kupanga chikopa chake cha bowa chotchedwa Mylo chifukwa chosowa ndalama, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Amyris ija inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole. Makampani amenewa anali ndi asayansi odziwa ntchito ndi ndalama zochuluka zedi za anthu oikamo chuma chawo, koma msika unawakanika. Ine sindingalangize kopaletivi ya alimi kuika ndalama za mamembala pa bizinezi imene yagwetsa anthu otere.

Ngakhale mbiri yoti zinthuzi siziwononga chilengedwe iyenera kumvedwa mosamala. Zikopa zambiri zochokera ku zomera zimapakidwa pulasitiki pamwamba kuti zisamwe madzi ndi kung'ambika, motero siziwola zonse zikatayidwa. Ulusi wotchedwa PLA, umene kampani ya NatureWorks imapanga ku Nebraska m'dziko la America, umachokera ku sitachi ya chimanga, ndipo chimangacho chimafuna munda, fetereza ndi mafuta a thirakitala monga chimanga china chilichonse. Kwa anthu a ku Kasungu amene akukumbukira njala ya 2002, funso loti chimanga chipite ku nsima kapena ku malaya silovuta kuyankha.

Pali mbali ina imene kanema wotsatsa malonda sangakuuzeni, yoti luso lopanga zinthu m'fakitale limatha kulanda mlimi msika umene anali nawo kale. Utoto wobiriwira ngati mtambo umene umapakidwa mathalauza a jinzi unkachokera ku chomera cha indigo, chimene alimi a ku Bengal ndi ku Bihar m'dziko la India ankalima kwambiri. Mu 1897 kampani ya ku Germany ya BASF inayamba kugulitsa indigo wopangidwa ndi mankhwala, ndipo pasanathe zaka makumi awiri ulimi wa chomeracho unali utatsala pang'ono kutheratu. Komabe sikuti mlimi amagonja nthawi zonse. Mankhwala a malungo a LA amene timalandira m'zipatala zathu amachokera ku artemisinin, wopezeka m'chomera cha Artemisia annua chimene chimalimidwa ku China, ku Vietnam, ku Madagascar ndi m'maiko ena a kum'mawa kwa Africa. Mu 2013 kampani ya Sanofi inayamba kupanga mankhwalawa pogwiritsa ntchito yisiti wosinthidwa, ndipo ambiri ankayembekezera kuti alimi a chomeracho atha ntchito. Zinachitika n'zakuti mtengo wa artemisinin wa kumunda unatsika mpaka wa m'thanki analephera kupikisana nawo, ndipo Sanofi inagulitsa fakitaleyo mu 2016. Pankhani ziwirizi pali muyeso umene mungaugwiritse ntchito posankha mbewu. Ngati phindu la chomera lagona pa mankhwala amodzi okha, odula, opezeka pang'ono m'chomeracho, thanki idzawalondola ndithu. Ngati phindu lagona pa mafuta ochuluka amene dzuwa ndi nthaka zimapanga motchipa, kapena pa chinthu chimene wogula amafuna kudziwa mudzi umene chachokera, mlimi amakhala ndi mphamvu.

Tsono tibwere kwathu kuno. Bayotekinoloje ya zovala imene mlimi wa m'Malawi angaigwire ndi manja lero ndi thonje la Bt. M'thonjeli munaikidwa malangizo ochokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis, kotero kuti chomeracho chimapanga chokha puloteni imene imapha mbozi zoboola zipatso za thonje. Linayesedwa ku Bunda kuyambira 2013 motsatira lamulo la Biosafety Act la 2002, ndipo alimi anayamba kulidzala m'minda yawo m'nyengo ya 2019/2020. Limachepetsadi kupopera mankhwala a mbozi, koma silipha nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina toyamwa madzi a chomera, choncho sipuleya siiponyedwa kudzala. Mbewu yake ndi ya haibulidi, yodula, ndipo imagulidwa chaka ndi chaka. Dziko la Burkina Faso linayamba kulima thonje la Bt mu 2008 n'kulisiya mu 2016, chifukwa mitundu imene anaisakaniza inkatulutsa ulusi waufupi umene ogula ankaudula mtengo, ndipo ku India mbozi yofiirira inazolowera puloteniyo n'kuyambanso kuononga. Kuwonjezera apo, thonje limakonda madera otsika ndi otentha monga Salima, Balaka, Mangochi ndi chigwa cha Shire, pamene chigwa cha Kasungu chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo usiku wake umazizira msanga mvula ikamatha. Musanaganize za thonje, funsani alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko (EPA) ngati pali jinala, kampani yogula thonje ndi kulichotsa njere, imene imagula m'dera lanulo, chifukwa thonje lopanda wogula pafupi limathera phindu lake pa thiransipoti.

Mamembala ena adzatchula chamba cha mafakitale, popeza Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wake mu 2020 ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndi limene limapereka ziphaso. Ulusi wa khungwa lake ndi wolimba ndipo mafuta a njere zake amalowa m'sopo ndi m'zodzola. Koma pamafunika chiphaso cholipira, mbewu yovomerezeka yosaledzeretsa, ndi makina osupula khungwa ku phesi, chifukwa mapesi osasupula ndi katundu wolemera wopanda mtengo. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera usana wautali wa chilimwe cha kumeneko, ndipo ikadzalidwa kuno, kumene usana sutalika kwenikweni, imachita maluwa idakali yaifupi, ulusi n'kuchepa. Mbewu imeneyi musaidzale popanda mgwirizano wolembedwa ndi wogula amene ali ndi makina kale.

Maganizo anga ndi akuti mpata weniweni wa gulu lanu uli pa mafuta ndi phula, ndipo ndikhalitsapo pamenepa. Mumalima kale mtedza, soya ndi mpendadzuwa. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza wosenda ndi mafuta, mpendadzuwa umatsatira pafupi, ndipo soya, ngakhale mafuta ake sapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu, amasiya keke (zotsalira poyenga mafuta) ya puloteni yambiri imene oweta nkhuku ndi nkhumba amaifuna. Mafuta a mpendadzuwa ndi amodzi mwa mafuta ofala kwambiri m'zodzola padziko lonse, ndipo sopo si china koma mafuta ophatikizidwa ndi soda waukali wopangira sopo (caustic soda) woyeza bwino. Gulu limene lili ndi chigayo choyengera mafuta, sefa yabwino ndi chipinda chaukhondo likhoza kugulitsa mafuta ophikira, sopo, mafuta odzola ndi keke ya ziweto kuchokera ku thumba limodzi lomwe lija limene mavenda amaligula pa mtengo wolira nthawi yokolola. Msika woyamba si London kapena Johannesburg, koma masitolo a pa Kasungu boma, pa Santhe, pa Nkhamenya ndi ku Lilongwe, kumene anthu amadzola mafuta a petroleum jelly oitanitsidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lilibe. Katundu wotere amafunika kuyezedwa ndi kulandira chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards asanalowe m'masitolo akuluakulu, ndipo ndi bwino kuyamba kukambirana nawo musanamange chipinda chogwiriramo ntchito, kuti musadzagumule zimene mwamanga.

Nsatsi ndi mbewu imene ndimaona kuti timaipeputsa. Agogo athu ankaikazinga, kuisinja ndi kuiphika kuti apeze mafuta odzola, ndipo lero imangomera yokha m'mabwinja ndi m'mbali mwa makola. Komatu mafuta a nsatsi ndi amene amapatsa lipisitiki kunyezimira kwake, amalowa m'mafuta a tsitsi, ndipo ku France kampani ya Arkema imapanga nawo nayiloni wotchedwa Rilsan, amene amagwiritsidwa ntchito m'nsapato zamasewera ndi m'zinthu zina zambiri. Palibe thanki imene yakwanitsa kupanga mafuta amenewa motchipa kuposa chomeracho. Chovuta n'chakuti mtengo wa padziko lonse umalamulidwa ndi India, makamaka chigawo cha Gujarat, chimene chimalima nsatsi zochuluka kuposa dziko lina lililonse, motero kutumiza njere kunja sikungakupindulitseni msanga, koma kuyenga mafuta a tsitsi ogulitsa konkuno n'kotheka. Chenjezo lake ndi lalikulu: keke yotsala mukayenga nsatsi ili ndi poizoni wotchedwa ricin, siiperekedwa kwa ziweto, ndipo chigayo choyengera nsatsi chisagwiritsidwenso ntchito pa mafuta ophikira.

Phula la njuchi nalo limatayidwa kwambiri m'midzi mwathu, pamene alimi a njuchi amafinya uchi n'kuponya zisa kutchire kapena kuzifululira mowa. Opanga mafuta a milomo ndi zodzola zina amalifuna, ndipo phula la m'nkhalango za miombo limakondedwa kunja chifukwa silikhala ndi zotsalira za mankhwala ophera nthata za njuchi amene alimi a ku Ulaya ndi ku America amathira m'ming'oma yawo. Anzathu a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia akhala akutumiza uchi ndi phula ku Ulaya kwa zaka zambiri kuchokera m'nkhalango zofanana ndi za Kasungu National Park. Kusungunula phula kumafuna mphika wa aluminiyamu kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri, madzi oyera, nsalu yosefera ndi moto wochepa, chifukwa likapsa limada ndipo mtengo umatsika. Ming'oma ikhale kutali ndi minda yopoperedwa mankhwala, ndipo apa alimi a fodya muyenera kusamala kuposa ena. Za malambe ndingodutsapo: mafuta a njere zake ali ndi msika kunja, koma mitengo yake ili m'madera otsika monga Mangochi, Salima ndi Neno, osati kwanu kumtunda.

Mwina mukufunsa kuti bayotekinoloje yatsala pati m'zonsezi. Ilipo, ndipo ndi yotsika mtengo kuposa imene munaona pa foni. Inokulanti amene mumasakaniza ndi mbewu ya soya musanadzale ndi mabakiteriya amoyo amene amamanga timatuza pa mizu n'kukoka nayitirojeni wa mumpweya, ndipo chifukwa choti ndi amoyo, paketi yake siiyenera kusiyidwa padzuwa kapena kusungidwa mpaka chaka china. Aflasafe ndi nkhungu yosapanga poizoni imene imamwazidwa m'munda wa mtedza kapena chimanga milungu iwiri kapena itatu maluwa asanayambe, kuti ilande malo a nkhungu yobweretsa chuku. Alimi a mtedza a ku Mchinji akudziwa bwino mmene chuku chimatsekera misika ya kunja, ndipo kwa inu nkhaniyi ndi yofunika pawiri, chifukwa poizoni wa chuku amatsalira kwambiri m'keke imene mukufuna kugulitsa kwa oweta. Zinthu ziwirizi sizioneka zapamwamba, koma ndi zimene zimachulukitsa ndi kuyeretsa mafuta amene mudzayenge.

Ngati achinyamata a m'gulu lanu akopeka ndi chikopa cha bowa, musawagwetse mphwayi, koma ayambe ndi bowa wodya wa mtundu wa oyster. Amamera pa mapesi a chimanga oduladula, zitsononkho ndi makoko a mtedza kapena a soya, zimene zimaphikidwa ndi nthunzi mu diramu, kuziziritsidwa, kusakanizidwa ndi mbewu ya bowa ndi kuikidwa m'majumbo. Pakatha milungu itatu kapena inayi jumbo lonse limayera ndi timizu tomwe tija timene makampani akunja amapangira chikopa, ndipo posakhalitsa bowa amatuluka. Chigafa chakale chikhoza kutchingidwa ndi udzu ndi pulasitiki n'kukhala nyumba ya bowa. Wachinyamata amene waphunzira kusunga majumbo ake osagwidwa ndi nkhungu yobiriwira waphunzira luso lenileni la ntchitoyi, ndipo akudya ndi kugulitsa bowa pamene akuphunzira. Mbewu ya bowa igulidwe kwa odziwa kuipanga, ndipo a ku Bunda akhoza kukulozerani kumene ikupezeka. Nkhuni zophikira diramu muziwerengere pa mtengo wake, popeza mitengo yambiri ya nkhuni ya m'boma lanu inathera kale m'mabalani a fodya wa flue cured.

Zopanga ndi matanki akuluakulu, ngati zidzafike m'dziko muno, zidzayambira kumene kuli shuga ndi anthu ozolowera ntchitoyo. Ku Dwangwa, kutsidya kwa nkhalango ya Nkhotakota, kampani ya Ethco yakhala ikufulula ethanol kuchokera ku molasesi kuyambira 1982, ndipo ethanol yemweyo amalowa m'mafuta onunkhira ndi m'mankhwala osambira m'manja. Imeneyo ndi ntchito ya makampani, mayunivesite ndi boma, osati ya kopaletivi.

Pomaliza, pali nkhani ya alendo amene angabwere kudzafunsa za zomera za m'dera lanu zimene amayi amadzola kapena kupakira utoto, n'kupempha njere, makungwa kapena dothi. Masiku ano kampani siifunanso matumba a chomeracho, imangofuna kachidutswa kowerengera DNA yake, kenako n'kukaphunzitsa yisiti kupanga chinthucho kwawo. Pangano la Nagoya la 2010, limene dziko la Malawi lili nawo, limanena kuti wotenga zamoyo za dziko lina kapena nzeru za makolo a kumeneko ayenera kupempha chilolezo ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu asanatenge. Ku South Africa, mu 2019, makampani a tiyi wa rooibos anavomera kuti 1.5 peresenti ya mtengo umene amagulira tiyiyo kwa alimi izipita kwa anthu a mitundu ya Khoi ndi San, amene makolo awo anayamba kugwiritsa ntchito chomeracho. Mlendo wotere akafika, mufunseni chikalata cha boma chomuloleza, mudziwitse mfumu ndi ofesi ya zachilengedwe ya kwa DC, ndipo musasayine pepala limene simunaliwerenge pagulu.

Pa nyengo ikubwerayi, fodya musamusiye yense nthawi imodzi ngati ndi amene akulipira fizi ya ana. Chepetsani munda wake, onjezerani soya wothira inokulanti ndi mpendadzuwa, ndipo komiti yanu ipite kukaona gulu limene likuyenga kale mafuta, ikafunse mtengo wa chigayo, wa zipangizo zosinthira zikatha, wa magetsi, ndi miyezi ingati pachaka imene chigayocho chimakhala chilili chifukwa chosowa mbewu yoyenga. Yankho la funso lomalizali ndi limene lidzakuuzeni kukula kwa chigayo choyenera kugula ndi matumba amene membala aliyense ayenera kulonjeza kusunga m'nkhokwe ya gulu m'malo mogulitsa kwa mavenda mu Meyi.